Chitseko cha a Makiyi

Alamu anga, amene anthu a mumsewu wawo amawatchula kuti a Makiyi, ndi munthu woti akakupatsani madzi akumwa amaima pomwepo mpaka mubweze kapu. Sikuti ndi oumira, ayi. Akhoza kukudyetsani mpaka mimba kuwawa, koma mbale yawo isadutse pageti. Dzinalo analipeza chifukwa cha chingwe chimene amamanga m'chiuno, mkati mwa siketi, chodzaza ndi makiyi: wa chitseko, wa kabati, wa sutikesi, wa kabokosi kokhala mkati mwa sutikesiyo. Akamayenda amayamba kumveka asanaoneke. Ine ndinakwatiwa ndi mlongo wawo wamng'ono, ndipo pa zaka zonse zimene ndakhala m'banja limeneli sindinasiyidwepo ndekha pabalaza pawo. Akamapita kukhitchini kukatenga shuga amandiitana kuti tipitire limodzi, ati kucheza kungaduke.

Poyamba zinkandipweteka, mpaka tsiku lina ndinawafunsa amuna anga ngati ndili ndi nkhope ya wakuba. Iwo anaseka, kenako anandiuza chimene chinachitika. Alamu adakali mtsikana, mwamuna wawo anadwala nthawi yaitali, iwo n'kusamukira kuchipatala kukamudwazika. Kiyi wa nyumba ya lendi anasiyira msuweni wa mwamunayo, munthu wokonda kupemphera, woyamba kulira akamva zachisoni. Mwamuna atamwalira, maliro atatha, anabwerera n'kupeza nyumba ili pululu. Bedi, mapoto, makatani, ngakhale babu la magetsi. Msuweni uja anati sakudziwapo kanthu, n'kuyambanso kulira. Alamu anagona pasimenti ndi zovala zomwe anachokera nazo kuchipatala.

Kuyambira pamenepo anagwira ntchito yochapa ndi kusita pahotela ina mpaka manja anachita makwinya mwini wake asanakalambe, uku akugula njerwa pang'onopang'ono. Nyumba imene anamanga ndi yaing'ono: pabalaza, zipinda ziwiri ndi khitchini. Mawindo onse ali ndi zitsulo zothinana moti ngakhale mphaka amangoyang'ana n'kubwerera. Khomo la kuseri analitseka ndi njerwa nyumba itangotha, ati makomo awiri ndi a anthu amene ali ndi maso kunkhongo. Choncho nyumba yonse inatsala ndi khomo limodzi, la kumaso. Ana sanakhale nawo, ndipo kukwatiwanso anakana. Atapuma ntchito, maulendo awo anali a kumsika ndi kutchalitchi basi, nakonso ankatuluka nyimbo yomaliza isanathe.

Munthu mmodzi yekha ndi amene ankawanena kuti "iwe", n'kuwatuma, iwo n'kunyamuka osawiringula: akulu awo. Mayi awo anamwalira alamu ndi amuna anga ali ana, ndipo akuluwa ndiwo anasiya sukulu n'kuwalera onse awiri, kuwasambitsa, kuwakwapula, kuwasokera mayunifolomu pamanja. Pa nthawi imene ndikunenayi akuluwo ankakhala ndi mwana wawo wamkazi mumzinda wina, ulendo wa maola ambiri pa basi. Anali atagwa kubafa n'kudzuka mbali imodzi itafooka, ndipo mutu unayamba kutaya zinthu. Lero aiwala pamene anaika magalasi, mawa aiwala dzina la mdzukulu.

Tsiku limene akuluwo anaimba foni ine ndinali pomwepo ndikuwaluka alamu tsitsi. Ntchito yanga ndi imeneyo, koma iwo kusaluni kwanga sabwera, ndimawatsatira ndine. Foni yawo ndi yaphokoso, ndiye ndinamva zonse.

"Iwe, ubwere ndidzakuone ndidakali wozindikira anthu. Usachedwe. Mutu wangawu ukudontha."

"Ndibwera, akulu. Ndingokonzetsa kaye chitsekochi."

Chitsekocho chinalidi ndi vuto, pamenepo sindingawanamizire. Chiswe chinali chitadya felemu m'munsi, mbali ya mahinjesi, moti chitseko chinkakhula pansi potsegula, ndipo loko ankangogwira pang'ono. Munthu wamphamvu akanangokankha ndi phewa n'kulowa. Wina aliyense akanaika mwala kuseri n'kupita kwa m'bale wake, koma amenewa ndi a Makiyi.

"Alamu, pitani," ndinatero. "Ine ndizidzagona kuno mpaka mudzabwere."

"Aa, alamu, inu muli ndi ana, muli ndi saluni. Sindingakuvutitseni."

Ananena akumwetulira, koma ine ndinamva bwinobwino chimene ankatanthauza, ndipo ndinakoka tsitsi lawo mwamphamvu pang'ono kuposa mmene linkafunikira.

Kupeza mmisiri kuno si nkhani. Nkhani ndi kumupezanso kachiwiri. Manambala awo a foni ali ponseponse, pamitengo ya magetsi, pamipanda ya eni ake, olembedwa ndi makala kapena penti yotsala. Alamu sakanakhulupirira nambala yopanda nkhope. Anavala nsapato zawo zakutchalitchi n'kupita kumene amagulitsa matabwa, kumene akalipentala anandanda ndi timashedi tawo ta malata akale, n'kuyamba kuwayendera mmodzimmodzi. Ntchito ya manja awo sankaiyang'ana n'komwe. Woyamba anamukana chifukwa anasiya hamala pansi n'kupita kukagula ndudu. Wachiwiri ankaseka kwambiri. Kumapeto kwa mzere anapeza bambo wina wodekha, wa pensulo kukhutu, amene bokosi lake la zipangizo linali ndi maloko awiri, ndipo ankadya atalikhalira. Anzake ankangomutchula kuti a Pensulo.

"Amene uja ndiye munthu," alamu anandiuza pafoni, mawu akumveka kuti apambana. "Amadziwa kusamala zinthu."

A Pensulo anafika m'mawa mwake, nthawi imene analonjeza isanakwane, alamu n'kuwakonda kwambiri. Anagogoda felemu ndi chala, dothi la chiswe n'kuyoyoka. Anayeza uku ndi uku, akupukusa mutu ngati dokotala.

"Mayi, apa palibe chokonza. Felemu yonseyi ichoke. Chitsekochi n'chabwino, koma ndiyenera kukachipala n'kuchiyeza pafelemu yatsopano kushedi."

"Chibwera liti, amisiri?"

"Dzuwa lisanalowe, mayi. Mugona mutakhoma."

Ntchito yozula anaigwira mwachangu choti munthu n'kusilira. Tiyi amene alamu anawaphikira asanazizire, felemu inali panja itathyokathyoka, chitseko chili pangolo yokankha, loko ali pomwepo pachitsekopo. Alamu anatsala ataima pabowo, kiyi ali m'chiuno.

Nditamva ndinagwira kumutu. Ife a m'saluni timamva nkhani za nyumba zonse, ndipo kagwiridwe aka ndimakadziwa. Amisiri ambiri akapeza ntchito amayamba ndi kugumula, kuti mwini wake asasinthe maganizo ndiponso kuti mmisiri wina asawalande. Akagumula apa, mtima wakhala pansi, amapita kukagumula pena. Mmisiri mmodzi amakhala ndi nyumba zingapo zikumudikira, kwina denga lasasulidwa theka, kwina sinki ili pansi, kwina masiling'i ali lendelende. Amabwerera kwa amene akukalipa kwambiri, makamaka amene amamutsatira kushedi n'kumuyalutsa pamaso pa anzake. Koma alamu akanapita bwanji kushedi, nyumba n'kuisiya yopanda chitseko?

Dzuwa linalowa, linatuluka, linalowanso. Alamu anapachika bulangeti pabowopo, n'kukokera kabati kuti itseke theka, theka linalo n'kuikapo mpando wawo. Anakhala pampandopo. Kumsika anasiya, kutchalitchi anasiya. Kusamba kunali kothamanga, khutu lili pabalaza. Ine ndinayamba kuwabweretsera ndiwo, makala ndi sopo ndikatseka saluni, ndipo ndinkawapeza pomwepo, foni ili m'manja, chikwama cha ulendo chili pambali, chopakiratu. Pamwamba pake anaika juzi yobiriwira imene anawagulira akulu awo, popeza kumeneko kumazizira.

A Pensulo foni ankayankha, ndipo mwaulemu kwambiri. "Ndili m'njira, mayi." Tsiku lina, "Guluu sanaume, mayi, ntchito yothamangira siikhala." Tsiku linanso magetsi anathima kumakina opalira matabwa. Kenako anamwalira malume awo, ndipo malumewo ayenera kuti anali munthu wovuta kuika, chifukwa maliro ake sankatha. Pambuyo pake foni inangoyamba kulira yokha.

Amuna anga amayendetsa magalimoto a katundu, ndipo nthawi imeneyo anali kutali. Ankangoimba n'kumati, "Tawathandizani achemwali angawo, inu ndinu olimba pakamwa." Ndiye ndinatseka saluni m'mawa wina n'kupita kushedi, pakamwapo nditakonzekera. A Pensulo kunalibe. Chitseko cha alamu ndinachipeza chitagonekedwa pamigolo iwiri, amuna anayi atachizungulira akusewera makhadi, makapu a tiyi atasiya mikombero pavanishi. Felemu yatsopano inali matabwa awiri osapala otsamira kukhoma.

"Chitseko ichi n'cha alamu anga. Ndabwera kudzatenga."

"Pepani, mayi, katundu wa mnzathu sitingapereke mwini wake kulibe."

"Mwini wake ndi ndani? Chitseko n'cha alamu anga!"

"Chili m'manja mwa mnzathu, mayi."

"Chabwino. Mmodzi wa inu akatiikire china. Felemu yatsopano, chitseko chatsopano, tiiwale za ichi."

Anayang'anana. Wamkulu pa onsewo anaika makhadi pansi n'kundifotokozera modekha, ngati akulankhula ndi mwana. "Ntchito imene mnzathu wayamba sitiipondapo, mayi. Matabwa timagulira pamodzi, makina timabwerekana. Ndikakamalizitsa ntchito yake lero, mawa ndimuyang'ana bwanji? Mudikireni, abwera. Ndi mmisiri wabwino ameneyo."

Ndinayenda mzere wonse. Aliyense ankayamba ndi kumwetulira, n'kutulutsa tepi, kenako n'kufunsa kuti, "Kodi anazula ndani?" Ndikangoti a Pensulo, tepi inkabwerera m'thumba. Ndinawauza mawu amene sindingawalembe pano, iwo n'kumangoti zikomo, mayi. Ndinabwerako utuchi uli m'nsapato, mtima ukuwira, chifukwa anthu ogwirizana chonchija sindinawaonepo ngakhale kutchalitchi.

Mwana wa akulu aja ankaimba pafupipafupi. "Amayi aang'ono, mubwera liti? Dzulo anandifunsa kuti ndine nesi wa kuti. Kenako anakumbuka, koma zinatenga nthawi." Akawapatsa foni akuluwo, mawu awo ankamveka ofooka, koma funso linali lomwelo.

"Iwe, uli pati?"

"Ndikubwera, akulu. Kalipentala akangoika chitseko."

"Chabwino. Ndikudikira."

Alamu akadula foni ankaiyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kuyang'ana bowo.

Mayi wa nyumba yoyandikana nawo, pofuna kuthandiza, anabweretsa womanga nyumba. Ameneyu lamulo la akalipentala silinkamukhudza, popeza iye ndi wa njerwa ndi simenti. Anati matabwa ndi zachikale, iye ali ndi mnzake wowotcherera amene ali ndi chitseko chachitsulo chokonzeratu, chiswe chikachiona chimalira. Alamu atamva mawu oti chitsulo, maso anawala. Vuto linali lakuti chitsekocho chinali chachikulu kuposa bowo, ndiye womangayo anati akulitse pang'ono. Anagumula njerwa mbali zonse ziwiri, nazonso mwachangu ndithu, n'kunena kuti akukatenga chitseko ndi simenti. Nayenso anapita ulendo womwewo. Tinamva kuti chitsekocho chinali chitagulidwa kale ndi munthu wina. Bulangeti silinkakwananso, alamu n'kulumikiza ndi nsalu ya pabedi.

Apa ndi pamene ndinasiya kuseka. Munthu amene kwa zaka zonsezi sanalolepo woyandikana naye kuona mtundu wa mipando yake, tsopano mphepo ikakweza nsalu msewu wonse unkaona pabalaza pake. Ana opita kusukulu ankasuzumira. Agalu ankalowa mpaka kukhitchini. Mvula itagwa, madzi anafika pansi pa kabati, iwo n'kumakolopa ndi dzanja limodzi, maso ali kumsewu. Miyendo inatupa chifukwa chogona chokhala pampando, nkhope inagwa, tsitsi limene ndinawaluka linayamba kumasuka, ndipo sanafune kuti ndiligwire. Ndinkawamvera chisoni, koma ndinkakwiya nawonso, ndipo zonse ziwiri zinkandibwerera nthawi imodzi.

"Alamu, ndikubwerezanso. Pitani. Ndikhala pampandopa ine."

"Mawa a Pensulo abwera. Wina wandiuza kuti anawaona dzulo atanyamula matabwa."

"Alamu, kodi ndinakuberanipo chiyani?"

Anangokonza juzi ija pachikwama, ngakhale inali yokonzeka kale. Kenako anati, motsitsa mawu, "Si inu, alamu. Ndikangoganiza zochoka, miyendo imakana. Ndimaona nyumba ya lendi ija ili pululu."

Wa makola ndinamupeza chifukwa cha phokoso. Kuseri kwa saluni yanga kunali kugogoda kosatha, ndipo nditapita kukakalipa ndinapeza bambo wachikulire, woonda, akukhoma khola la nkhuku ndi zigwagwa, matabwa otsala aja a khungwa mbali imodzi. Ntchito yake ndi imeneyo: makola, mabenchi a pamsika, mipanda ya mbuzi. Akalipentala a kumashedi samuwerengera, nayenso sawawerengera. Ndinamufotokozera nkhani yonse.

"Ine zitseko sindiika, mayi. Ndimangokhoma."

"Kukhomako ndiye ndikufuna. Mutseke bowo lonse, pasalowe ngakhale khoswe. Mwini wake akufuna apite kwa wodwala."

"Zimenezo ndi zanga," anatero.

Tinagwirizana kuti afike m'mawa kwambiri, kuti alamu akakwere basi yoyamba. Amuna anga anandipempha kuti ndiwaperekeze, ndiye saluni ndinasiyira mnzanga. M'mawa mwake wa makola anafika ndi wilibala yodzaza zigwagwa, misomali ili m'chitini cha mkaka. Alamu anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kugwira thabwa lililonse, koma anavomera. Ine ndinawasiya akuyamba ntchito n'kuthamangira kudepoti kukagwira malo.

Ndikubwerera ndinaona ndili patali kuti ntchito yatha. Bowo lonse linali litatsekedwa, matabwa atathinana kuyambira pansi mpaka pamwamba. Koma panja panalibe munthu. Wilibala inali pomwepo, chipewa cha wa makola chili pachogwirira. Nditayandikira ndinaona kuti pamatabwapo palibe mutu wa msomali ngakhale umodzi.

"Alamu?"

Pakampata ka pakati pa matabwa awiri panaoneka diso.

"Tili muno, alamu."

Chimene chinachitika ndi ichi. Wa makola atangoti ayambe kukhoma thabwa loyamba, alamu anamuimitsa. Anati misomali yokhomera kunja ndi yopanda ntchito, chifukwa wakuba aliyense wokhala ndi hamala akhoza kuizula ngati mmene yalowera. Anati akhomere mkati, mitu ya misomali ikhale kumene dzanja la wakuba silifika. Mfundoyo inali yanzeru, ndipo wa makola, munthu wosatsutsana ndi kasitomala, analowetsa matabwa ake n'kuyamba kukhoma, alamu akumulozera pamene awonjezere. Anakhoma ndi mtima wake wonse. Atamaliza anapukuta thukuta, n'kutola chitini chake, n'kufunsa njira ya kukhomo la kuseri.

"Ndimayesa kuseri kuli khomo, mayi," mawu ake anamveka mkatimo, ofatsa. "Nyumba zonse zimakhala nalo."

Ndinaseka mpaka kukhala pansi pakhonde. Ndinaseka misozi kutuluka, mayi woyandikana uja n'kubwera, nayenso n'kugwira m'mimba. Koma mkatimo alamu sankaseka, ndipo nditasuzumira pakampata kaja ndinaona chimene chinandidula kuseka. Anali atakhala pampando wawo, manja ali pamiyendo, nkhope itamasuka kwa nthawi yoyamba chichokereni chitseko. M'nyumba munali mdima, msewu sunkaonekanso, ndipo iwo anali pamtendere.

"Mwina basi ya mawa, alamu," anatero. "Ndipumuleko kaye lero. Bambowa angachotse thabwa limodzi atuluke, ine ndikhomanso ndekha."

Apo ndiye ndinapsa mtima zenizeni. Mwana wa akulu aja anali atandiimbira ndili kudepoti, ndipo ndinkafuna kukawauza tili m'basi, koma ndinanena pomwepo, pakamwa nditagunditsa pathabwa.

"Alamu, akulu anu asiya kudya. Mwana wawo akuti kuyambira dzulo sakumutchulanso dzina. Inu mwakhala pamenepo mukulondera mapoto! Mapoto, alamu! Munthu amene anakusambitsani, amene anasiya sukulu chifukwa cha inu, akukufunsani tsiku ndi tsiku, inu n'kumamuuza za kalipentala. Ine tikiti ndagula. Ndikupita ndekha, ndikawauza kuti mng'ono wawo ali bwino, wadzikhomera m'nyumba."

Mayi woyandikana uja anazemba n'kubwerera kwake. Ndinamva wa makola akutsokomola, kenako makiyi akulira pamene alamu ankadzuka.

"Bambo, zulani."

Kuzula kunatenga nthawi kuposa kukhoma, chifukwa munthuyo anali atakhomadi. Thabwa lachitatu litachoka, alamu anadutsa cham'mbali, chikwama chili kutsogolo. Kuwala kunawathobwa m'maso. Anaima pakhonde n'kuuza wa makola kuti akhomere kunja, mmene angathere. Anaonerera msomali uliwonse ukulowa, ndipo atamaliza anakankha thabwa lililonse ndi dzanja. Ndinawagwira pamkono, ndipo sanandikanize.

Basi yoyamba inali itapita, tinakwera yachiwiri. Njira yonse sanadye, ndipo basi ikaima ankayang'ana kumbuyo kumene tachokera. Ine ndinafuna kupepesa chifukwa cha mawu aja, koma ndinaona kuti ndikapepesa akhoza kutsika.

Tinafika dzuwa litapendeka. Mwana wa akulu aja anatilandira pageti, n'kuwakumbatira alamu akulira, kenako anatitsogolera kuchipinda. Akuluwo anali atakhala pabedi, atatsamira mapilo, atawasambitsa ndi kuwapesa bwino. Anali atachepa kwambiri. Dzanja limodzi linali pabulangeti, lina likuseweretsa mphonje ya pilo. Alamu anaika chikwama pansi n'kugwada pambali pa bedi, mawondo otupawo akulira.

"Akulu, ndafika."

Akuluwo anatembenuka n'kuwayang'ana bwinobwino, ndi nkhope yokoma ya munthu wolandira alendo.

"Zikomo, mayi. Mwayenda bwanji?"

"Akulu, ndine. Ndine mng'ono wanu."

"Eya, khalani pampando, musagwade pansi. Iwe nesi, apatse mpando alendowa."

Mwana wawo anatuluka atagwira pakamwa. Alamu anakhalabe chogwada. Anayamba kutchula zinthu zakale, dzina la mayi awo, nyumba imene anakuliramo, tsiku limene akuluwo anawakwapula chifukwa chotaya singano. Akuluwo ankamvetsera mwaulemu, akugwedeza mutu, nthawi zina n'kuseka pang'ono pamene pakufunika kuseka. Kenako anayang'ana kuwindo, n'kuweramira kwa alamu ngati akuwauza chinsinsi.

"Ine ndili ndi mng'ono wanga. Akubwera kudzandiona. Kungoti wavutika ndi chitseko, kalipentala anamuthawa." Anapuma kaye, n'kugwira dzanja la alamu. "Inu mayi, kumene mwachokerako, simukudziwako kalipentala wabwino? Mumutumizeko, mwana uja abwere. Ndamudikira nthawi yaitali."

Alamu anagwira dzanjalo ndi manja awo onse awiri, misozi ikugwera pabulangeti.

"Ndimufunafuna, mayi," anatero. "Abwera."